Mchenga wa Kapitawo

6 Febuluwale

Mwana wanga wamkazi,

Ndikupatsa moni ine bambo ako. Kaya ukudzuka bwanji kunjako? Ine ndilipo, kungoti mawondo ndi makutu. Za foni usavutikenso. Ukamayankhula ndimangomva ngati njuchi ili m'botolo, ndiye ndimangoti eya, eya, osadziwa chimene ndavomera. Makina osakaniza simenti anandidya makutu zaka makumi anayi. Bola kalata. Ndimalemba pang'onopang'ono, paja zilembozi ndinaziphunzira ndevu zitamera kale, pa matumba a simenti, koma chimene ndalemba chimakhala pomwepo ngati njerwa.

Yatha miyezi iwiri chisamukireni kuno kwa mchimwene wako. Andipatsa chipinda chakumapeto, choyang'ana kumpanda. Muli bedi, mpando umodzi, ndi zenera lotseguka theka. Akundisunga bwino, sindinganame. Alamu ako ndi oyembekezera, ndiye fungo lililonse limawadwalitsa, ngakhale la sopo wanga wometera.

Kapitawo ndabwera naye. Ndikunena mphaka wa malemu mayi ako uja. Paja anamutcha dzinali chifukwa amakhala pamwamba n'kumayang'anira ena akugwira ntchito, iye osakhudza kanthu. Wakalamba ngati ine, zaka khumi ndi zinayi. Phazi lake lakutsogolo lakumanzere, lija msampha wa makoswe unadulako chala n'kutsala zitatu, limamupweteka kukazizira. Amagona pa bulangete la mayi ako, ine n'kumamufotokozera za tsikulo. Ndi yekhayo m'nyumba muno amene timamvana popanda makutu.

Nkhani imene ndili nayo ndi ya mchenga. Ukudziwa kuti kunyumba yathu yam'mwamba ija iye sankatsika pansi. Mayi ako anamuzoloweza kudzithandiza m'beseni langa lakale lachitsulo, lija ndinkasakaniziramo simenti. Mchenga ndimakapempha kwa anzanga amene akumanga kumsewu wachiwiri. Ndimausefa kawiri, koyamba kuchotsa miyala, kachiwiri kuti utsale wofewa wa pulasitala, kenako ndimauyanika padzuwa tsiku lathunthu. Wachinyezi mphaka saufuna. Ndimathira wofika pa mfundo yachiwiri ya chala. M'mawa uliwonse ndimachotsa zoipa ndi mpeni wanga womangira, Loweruka ndimataya wonse n'kutsuka beseni ndi madzi otentha okha, osathira sopo. Zaka zonsezi sanaphonyepo.

Koma alamu ako akuti mchenga ukukanda matailosi. Akunena zoona, umamatirira kumapazi ake. Ndimasesa kawiri patsiku, koma maso anga sangaone kamchenga kalikonse. Kunja sangapite, bwalo lonse ndi simenti mpaka pageti. Ndinathira ndine ndi manja angawa, mphatso ya ukwati wawo, osasiya ngakhale pobzala tsabola.

Undiuze za kumeneko. Ukudya? Nkhalamba zimene umasamalazo zikukumvera?

Ndine bambo ako.


1 Malichi

Okondedwa Bambo,

Moni wambiri. Kalata yanu yandipeza ndili bwino, kungoti kutopa. Ndikulemba pa nthawi yopuma, ndili ndi mphindi makumi awiri basi. Nkhalamba za mbali yanga zilipo khumi ndi imodzi. Ndimazisambitsa, kuzidyetsa, kuzisintha zovala. Pali agogo ena amandiitana ndi dzina la mwana wawo amene sabwera, ine n'kumavomera.

Bambo, za mchenga wa omanga nyumba zisiyeni. Si msinkhu wanu wonyamula ndowa mumsewu ngati mulibe ana. Anthu aziti chiyani? Kuno amphaka ali ndi mchenga wawo wogula m'thumba, wopepuka, wonunkhira maluwa. Ukanyowa umagwirana, munthu n'kungotola chigulumwa n'kutaya. Ndapeza sitolo ya ziweto kumeneko imene imagulitsa womwewo. Ndakonza kuti azikubweretserani thumba mwezi ndi mwezi, ndipo ulendo woyamba abwera ndi bokosi latsopano lokhala ndi chivindikiro ndi kachitseko, kuti fungo lisamatuluke. Beseni lija litayeni, linayamba dzimbiri amayi akadali moyo.

Ndayankhula ndi alamu pa foni. Akuti bokosilo likhala kochapira, pafupi ndi makina, osati kuchipinda kwanu. Chonde Bambo, muwamvere. Nyumba ndi yawo, ndipo munthu woyembekezera sayenera kuyandikira chimbudzi cha mphaka. Ndikukudziwani inu, mukakoka chingwe chanu chowongolera khoma simumva za munthu.

Ine ndili kutali, chimene ndingathe kukuchitirani n'chimenechi. Mundilole ndichite.

Mwana wanu.


28 Malichi

Mwana wanga,

Moni. Ndili bwino, kaya iwe. Katundu wako anafika, ndathokoza. Anabwera pa galimoto yojambulidwa mapazi a galu, anthu mumsewu anatuluka kudzaona ngati kwabwera firiji.

Bokosilo ndi lokongola. Ndinaliyeza. Khomo lake lili m'mwamba chikhatho chimodzi ndi zala zitatu. Kwa mphaka wa mawondo ngati anga, limenelo ndi khoma. Mchengawo ndinaudonthezera madzi kuti ndione khalidwe lake. Umagwiranadi, kuposa simenti ina imene ndinamangirapo nyumba za anthu. Koma fungo, mwana wanga, ngati walowa mokonzera tsitsi la amayi. Ine wa mphuno yakufa ndinayetsemula katatu. Nanga iye amene amanunkhiza khoswe ali kuseri kwa khoma?

Tsiku loyamba anafika pakachitseko, n'kununkhiza, n'kundiyang'ana monga ankandiyang'anira akapitawo enieni khoma likapendekeka. Tsiku lachiwiri ndinamulowetsa ndi manja. Ali m'katimo makina ochapira anayamba kuzungulira, kuja amagwedeza pansi ponse. Anatuluka ngati mwala wochoka pa legeni, kachitseko n'kumumenya mchira. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma chitseko ichi, angamve m'mimba bwanji, sachikhudzanso.

Beseni sindinataye ndine. Mchimwene wako analiponya kuseri kwa nyumba pamodzi ndi matayala akale, ndipo sefa yanga anaipachika pamwamba poti sindingafike.

Lachinayi Kapitawo anaipitsa kuseri kwa sofa pabalaza. Anali atapirira masiku awiri. Ndinkamuona akuzungulirazungulira, akukanda matailosi ngati angakumbike. Alamu ako anasanza mpaka kukagona. Mchimwene wako pochokera kuntchito anaima pakhomo la chipinda changa, n'kukweza mawu kuti ndimve bwino.

"Bambo, mchenga wodula wabwera, bokosi labwera. Chatsala n'chiyani? Timugulire nyuzipepala yoti aziwerenga ali m'katimo?"

Ndinati, "Chatsala ndi beseni."

"Beseni ayi. Mvetsani, Bambo, sindibwereza. Akangoipitsanso kamodzi m'nyumba muno, achoka. Mwana akubwera."

Ndinati ndamva. Ulendo uno ndinamvadi.

Ndiye ndikupempha iwe, poti mawu ako kuno amalemera kuposa anga. Uwauze andilole beseni kuchipinda kwanga, pakona ya kuzenera. Ndiyala chiguduli pansi, ndizitseka chitseko, mchenga sufika pa matailosi awo. Wam'thumbawu asiye kubweretsa. Sikuti ndikunyoza mphatso yako. Ndikanapempha ndekha kachiwiri, koma amati mlendo ndi mame, ndipo ine ndine mame osakamuka. Sindifuna kumveka pafupipafupi.

Undiyankhe msanga.

Bambo ako.


20 Epulo

Alamu,

Moni, kuno tili bwino, kamwanaka kayamba kukankha. Ndalemba kalata chifukwa nkhaniyi pa foni ikukanika kutuluka pakamwa.

Ndiyambe ndi chabwino. Mphaka uja wasintha. Chiyambireni mwezi uno sanaipitsenso pabalaza. Mchenga wanu uja ndi wamphamvu, bokosi silinunkha n'komwe. Ine sindiliyandikira, amasamalira ndi abambo, koma thumba likuoneka kuti litha chaka.

Tsopano chovuta. Abambo ayamba kuchapa okha zofunda tsiku ndi tsiku, pamanja, m'bafa. Ndikati bweretsani ndiponye m'makina, akuti makina amang'amba nsalu. Lolemba atatuluka kukaothera dzuwa ndinalowa kuti ndisese. Alamu, matiresi ndi onyowa pakati, mbali zonse ziwiri, zikuoneka kuti akhala akutembenuza. Athira mankhwala ochapira ambiri moti misozi inandituluka. Sindinathe kuima, ndinathawa nditagwira mphuno.

Madzulo ndinawapititsira tiyi n'kufunsa mwaulemu. Ndinati, "Bambo, pabedi paja pachitika chiyani? Kapena ndi mphaka?" Anasisita mphakayo, amene anali pamiyendo pawo. Kenako anati, "Ayi mayi, mphaka alibe mlandu. Ndine. Ukalamba." Anatero akuyang'ana pansi. Ndinamva chisoni, munthu woti nyumba tikugonamoyi anamanga ndi iwo.

Achimwene anu nditawauza anangoti kukamwa yasa. Anapita nawo kwa dokotala, dokotala sanapeze kanthu, wangoti asamamwe zambiri dzuwa likapendeka. Ndiye tiyi wamadzulo tawaletsa. Tayala pulasitiki pabedi, ina pampando wawo wa pabalaza, poti sofa ndi yansalu. Alendo akabwera amadyera kuchipinda, kuti asachite manyazi.

Inu ndi amene mumaidziwa ntchito imeneyi. Tithandizeni nzeru. Ine ndi mimba iyi sindingathe kuchapira ana awiri.

Musawauze kuti ndakulemberani.

Mlamu wanu.


12 Meyi

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Pepani ndachedwa kuyankha, anzanga awiri anasiya ntchito ndiye ndikugwira ya anthu atatu. Za beseni zija ndaona kuti zatha zokha, ndamva kuti Kapitawo wazolowera bokosi. Mwaona? Chatsopano chimafuna kupirira.

Bambo, pali zina ndamva. Musafunse kuti wandiuza ndani. Ndikufuna mudziwe kuti palibe chochititsa manyazi. Mwa nkhalamba zanga khumi ndi imodzi, zisanu ndi ziwiri zili choncho, ndipo wina anali woweruza milandu. Thupi ndi nyumba, inu mukudziwa bwino, ikakalamba denga limadontha.

M'phukusili muli matewera a akuluakulu, mapaketi anayi. Amavalidwa ngati kabudula wam'kati, palibe angadziwe. Mbali ya mzere wobiriwira ndiyo yakutsogolo. Muzisintha m'mawa ndi pogona, mukavula muzikulunga n'kumanga m'kathumba ka pulasitiki. Muzipita kuchimbudzi maola awiri aliwonse ngakhale musakumva kanthu. Ndaikamonso mafuta odzola kuti khungu lisasupuke.

Inu munandisintha matewera ine. Tsopano ndi nthawi yathu.

Mwana wanu wokukondani.


9 Juni

Mwana wanga,

Moni. Phukusi lafika. Ndalitsegula, ndawerenga za mzere wobiriwira, ndalitsekanso. Kalata iyi yanditengera masiku atatu. Uiwerenge utakhala pansi, osati pa mphindi zako makumi awiri zija.

Choyamba, ine sindinakusinthepo thewera. Anali mayi ako. Ine ndinali pamwamba pa makwerero. Tisanamizane pa zazing'ono, poti ndikufuna undikhulupirire pa chachikulu.

Ine sindikodza pabedi. Ndi Kapitawo.

M'bokosi lako sanalowemonso chichokereni tsiku la makina lija. Mchenga uli mmene unabwerera, ndimangouvundula m'mawa kuti uzioneka ngati wagwira ntchito. Mchimwene wako atanena mawu aja ndinakhala pansi n'kuganiza. Mphaka si thanki yoti n'kusunga madzi. Ndikamusiya kunja kwa chipinda changa apita kuseri kwa sofa, ndiye kwatha. Choncho ndinamutsekera m'kati. Malo anasankha yekha, pa bulangete la mayi ako, pofewa, pomwe pali fungo limene amalidziwa. Zolimba ndimatola ndi mpeni womangira n'kukataya kuchimbudzi. Zamadzi ndi zimene zinandigwiritsa.

Alamu ako atandifunsa, ndinayeza mbali zonse ziwiri monga ndimayezera khoma. Ndikati mphaka, mphaka achoka. Ndikati ndine, ine sangandiponye kuseri ndi matayala, ndine bambo wawo. Ndinaona kuti dzina langa lingathe kusenza katunduyu, iye sangathe. Ndinati ndine.

Sindinadziwe kulemera kwake. Ndikakhala pampando pulasitiki imalira, aliyense n'kutembenuka. Mchimwene wako akamadutsa amakoka mpweya m'mphuno mobisa, amaganiza kuti poti sindimva ndiye kuti sindionanso. Lamulungu kunabwera mnzanga kalipentala, uja tinagwira naye ntchito zaka makumi awiri. Anamuuza pageti kuti ndagona. Ndinali pazenera, ndinamuona akubwerera ndi malalanje ake m'manja. Tiyi wamadzulo ndimangoona nthunzi yake ikudutsa.

Ndinayesapo njira ina. Mchenga ndinabwera nawo m'matumba a jekete, maulendo asanu ndi limodzi, ndikumati ndikukawongola miyendo. Ndinausefa ndi kachidutswa ka ukonde wa udzudzu, n'kuuthira m'katoni ya nsapato pansi pa bedi. Mwana wanga, ukanamuona. Analowa, n'kukumba, n'kukhala, n'kukwirira bwinobwino, n'kutuluka mchira uli m'mwamba ngati munthu wochoka kolandira malipiro. Masiku anayi bedi linali louma. Alamu ako anati, "Mwaona Bambo, kusiya tiyi kwathandiza." Tsiku lachisanu anasesa pansi pa bedi. Katoni inapita. Madzulo ake mchimwene wako anabwera kudzandifunsa mokweza ngati ndikudziwa kuti lero n'lachingati, ndiponso chifukwa chiyani ndayamba kutolera dothi ngati mwana. Ndinamuuza tsiku. Funso linalo ndinachita ngati sindinamve.

Ndauza iwe wekha. Usauze mchimwene wako, ndagwira mwendo wako. Sindikupempha kuti unditsukire dzina, limenelo ndinapereka ndekha. Ungowauza kuti kuntchito kwako mumalola nkhalamba kukhala ndi kanthu kake kamodzi kakale, ndiye andipatse beseni. Ukanena iwe avomera. Beseni likalowa bedi liuma, iwo adzati matewera agwira ntchito, aliyense akondwa.

Za mayi ako zonse munagawana, mapoto, makina osokera, nsalu. Sindinadandaule. Ine ndinatsala ndi ameneyu.

Bambo ako.


2 Julayi

Achimwene ndi alamu,

Moni nonse. Ndalemba kuti muwerenge awiri, modekha, poti pa foni timangolandana mawu.

Bambo andilembera kalata ya masamba anayi. Akuti si iwo, ndi mphaka. Andipempha kuti ndisakuuzeni, ndipo ndalira poganiza zowaulula, koma ndikabisa ndiwapweteka.

Musawakalipire. Izi ndimaziona sabata iliyonse. Agogo ena kuno amati denga likudontha, pamene pamwamba pawo pali zipinda zina zitatu zosanjikizana. Ena amati mnzawo wa bedi loyandikana amabwera kudzawathira madzi. Amafotokoza bwinobwino, masiku ndi maola omwe, moti wosadziwa angakhulupirire. Si bodza, ndi manyazi. Munthu amagwira chilichonse chili pafupi kuti abisalepo. Alamu, paja munati poyamba anavomera okha? Chimene munthu wanena koyamba ndicho choona. Ndiponso munati mphaka akugwiritsa ntchito bokosi bwinobwino.

Matewera sakuvala, ndipo savala malinga mphakayo ali pomwepo woti azimunamizira. Khungu lidzayamba zilonda, ndaziona ine, sizipola msanga pa munthu wamkulu. Nzeru yanga ndi iyi: mphaka achoke kaye, mwezi umodzi kapena iwiri. Pobisalira pakasowa adzavomera, ndiye tidzawathandiza bwino. Akazolowera mudzamubweza. Mumupereke kwa munthu wodziwika.

Adzandikwiyira, ndikudziwa. Bola andikwiyire ali bwino.

Mlongo wanu.


16 Ogasiti

Alamu,

Moni. Sindikudziwa poyambira.

Kalata yanu itafika achimwene anu sanadikire. Loweruka m'mawa anatenga mphaka uja n'kumuika m'katoni. Abambo anali m'bafa, akuchapa. Atatuluka, manja ali thovu, anapeza galimoto ikutuluka pageti. Sanakuwe. Anangondifunsa kuti, "Mayi, wanena ndi mwana wanga wamkazi?" Ndinati eya. Anagwedeza mutu n'kubwerera kukamaliza kuchapa.

Anakamusiya kwa bambo wina woyang'anira nyumba yosungiramo katundu kumsika waukulu, kutsidya kwa tawuni, amene ankadandaula za makoswe.

Alamu, masabata atatu tsopano bedi ndi louma. Louma gwa. Ndimalowa m'mawa uliwonse kukagwira ndi dzanja, iwo ali pampando akundiyang'ana. Matewera ali pamwamba pa kabati, mapaketi onse anayi, osatsegula. Sabata yachiwiri anabwera patebulo madzulo, n'kudzithirira tiyi makapu atatu pamaso pa achimwene anu, n'kumwa onse pang'onopang'ono. M'mawa bedi louma.

Ndinapita kochapira kuti ndikachotse bokosi lija. Ndinatsegula chivindikiro koyamba chibwerereni. Mchenga woyera ngati shuga, mulibe ngakhale chigulumwa chimodzi. Miyezi isanu ndakhala ndikuyamikira bokosi loti simunalowe kanthu.

Ndinauza achimwene anu kuti akamutenge mphakayo tsiku lomwelo. Anapita. Bambo uja akuti anathawa tsiku lachiwiri, atangotsegula chitseko. Akuti, "Mphaka wake wokalamba uja? Makoswe ankamudutsa pamphuno." Tazungulira kumsikako Loweruka kawiri, tafunsa ogulitsa onse, palibe wamuona. Pakati pa kumeneko ndi kuno pali misewu ikuluikulu iwiri ndi njanji.

Achimwene anu analowa kuchipinda kukapepesa. Sanakhalitsemo. Abambo anangoti, "Unanena kuti akaipitsa achoka. Anaipitsa, wachoka. Mawu ako ndi owongoka, ndinakuphunzitsa ndine." Kenako anapempha sefa yawo. Anawatsitsira.

Pulasitiki ndachotsa ponse, koma pabalaza sakhalanso.

Alembereni, alamu. Ine ndikalowa ndi tiyi amandithokoza mwaulemu kwambiri moti ndimalakalaka akanandikalipira.

Mlamu wanu.


5 Okutobala

Mwana wanga,

Moni. Ndili bwino, kaya iwe ndi nkhalamba zako. Makalata ako awiri ndalandira. Yachiwiriyo inki inasungunuka malo atatu, ndaona. Ukuti ndikukhululukire. Ndakhala ndikufufuza mawu amenewo m'kati mwanga monga munthu amafufuzira msomali mumchenga. Ndikawapeza ndidzakutumizira. Sindifuna kukutumizira abodza, bodza limodzi landikwana chaka chino.

Mwana anabadwa, wamkazi, ali ndi chipumi cha mayi ako. Amandipatsa kuti ndimunyamule. Dzulo anandikodzera pamiyendo, thalauza lonse kunyowa. Alamu ako anathamanga akunena mokweza kuti, "Ndi mwana, Bambo, ndi mwana, taona tonse." Ndinaseka ndekha. Iwo sanaseke.

Dzina langa labwerera. Tiyi ndikumwa nthawi iliyonse, kalipentala amalowa mpaka kuchipinda. Mlandu ndawina. Umboni wake unali umodzi wokha, woti Kapitawo achoke, ndipo ndi umene ndinkaukana. Iwe unati ndikubisala kuseri kwa mphaka. Anali iye amene ankabisala kuseri kwanga, ndipo ndinali khoma labwino mpaka tsiku limene ndinakulembera.

Sindikuti ndiwe woipa. Nkhalamba zako khumi ndi imodzi umazidziwa bwino. Kungoti kalata yanga unaiwerenga ngati yachokera kwa yakhumi ndi chiwiri, osati kwa bambo ako.

Kusitolo uwauze asiye. Galimoto yawo ikubwerabe mwezi ndi mwezi, matumba aunjikana kochapira, nyumba yonse ikununkhira maluwa. Matewera, mapaketi atatu ndapatsa kalipentala, mkazi wake ndi amene akuwafunadi. Akuti ndi abwino, akuthokoza. Imodzi ndasunga. Tsiku likadzafika loti ndinedi, ndidzakuuza ndekha, ndipo pamenepo udzandikhulupirira msanga.

Ukufunsa ngati undigulire mphaka wina wamng'ono. Usagule.

Beseni tsopano andilola. Mchimwene wako analipala yekha dzimbiri, n'kulibweretsa kuchipinda, pakona ya kuzenera pomwe ndinkapempha. Ndinalitulutsa. Ndaliika kunja kwa geti, m'munsi mwa mpanda, pomwe mvula sifika. Kalipentala akuti mphaka amatsata fungo lakwawo ngakhale patali, ndiye ndinang'amba kachidutswa ka bulangete la mayi ako n'kukayala pansi pa mchenga. Ndimasefa kawiri monga kale, n'kuyanika, n'kuthira wofika pa mfundo yachiwiri ya chala. Dzuwa likamalowa ndimasalaza pamwamba ndi mpeni womangira, see ngati pulasitala, kuti chilichonse chopondapo chisiye phazi lake. M'mawa ndimapita ndi magalasi.

Amphaka a mumsewu uno aukonda mchenga wanga. Amabwera ambiri, ndipo palibe amene amaphonya. Ndimagwada n'kuwerenga zala za phazi lililonse, ndikufuna la zala zitatu. Lero zinali zinayi, zinayi, zinayi.

Ndatsuka, ndathira wina.

Ndine bambo ako.